Obwera ku Harare mu Juni, tamvani za chisanu

Abale anga a ku Salima ndi ku Nkhotakota, inu ozolowera kugona pakhonde chifukwa cha kutentha kwa kunyanja, mukamanyamuka ulendo wa kuno mu Juni kapena Julayi musadalire kajuzi kamodzi. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, kuposa Lilongwe. Amene angafike kuno osadandaula mwina ndi a ku Dedza okha.

Chisanu chake n'chouma, si chiperoni cha ku Thyolo chobwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza ayi. Masana kumwamba kumakhala mbee, dzuwa likuwala bwinobwino, mpaka umavula jekete. Likangolowa basi, nthaka imazizira msangamsanga poti kulibe mitambo yosunga kutentha. M'bandakucha zimatsika kufika madigiri 7, ndipo kumadambo zimatsikirabe mpaka mame kuuma gwa.

Ine ndili ndi kadimba m'dambo kufupi ndi Mufakose, dera lina la kuno ku Harare, ndiye zimenezi ndimaziona ndi maso. Ukalawirira, udzu umaupeza wayera ngati wina wauwaza ufa, ukauponda ukulira tsekeretsekere. Tomato amaoneka wabwinobwino nthawi imeneyo. Dikirani dzuwa limuwombe: masamba amalefuka, pofika madzulo ada bii, ntchito ya miyezi iwiri yapita. Repu ndi kabichi ndiye zimapirira. Alimi akale kuno amatchinga madimba ndi mipanda ya udzu, ena amafukiza utsi usiku, koma anzeru amangosiya kubzala tomato kudambo mpaka Ogasiti atadutsa.

Achibale athu ogwira ntchito m'mafamu a ku Marondera amatiseka kuti ife a m'tauni sitinachione chisanu. Kwawoko n'kokwera kuposa kuno, ndipo othirira tirigu, yemwe amalimidwa nyengo yozizira yomweyi, amasuntha mapaipi m'mamawa zala zitachita dzanzi. Za ku Nyanga, komwe kuli phiri la Nyangani la mamita 2,592, tisachite kunena.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mbaula. Magetsi akazima, anthu amalowetsa makala m'chipinda, kutseka zenera, kutsekanso pansi pa chitseko ndi chisanza, n'kugona. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangopitirira tulo osadzukanso. Othani moto, koma mbaulayo itulutseni musanagone. Ndalama ya makalayo bola mukagule bulangete ndi majekete a kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare, ndipo amene muli kale kuno gulani mu Epulo mitengo isanakwere.

Ogasiti ndi wa mphepo ndi fumbi, milomo kung'ambika. Kumapeto kwa Seputembala mitengo ya jakaranda imachita maluwa m'misewu ya m'tauni, Okutobala n'kubwera ndi dzuwa loswa mtengo. Mvula imayamba cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo mbewu ya chimanga cha makolo imene munalonjeza ija mutumize Okutobala asanathe, ndikabzale kumtunda kwa dimba.