Nissan Leaf ya 40 kWh mu Lusaka: motoka ili bwino, nkhani ndi malaiti akunyumba

Anthu akhala akundifunsa kuntchito, kutchalitchi, ngakhale pa maloboti munthu kutsitsa windo kufunsa kuti "a bosi, nanga mumaichaja bwanji ndi load shedding iyi?" ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Motoka yake ndi Nissan Leaf yoyendera malaiti okhaokha, ija ya batire ya 40 kWh, mtundu umene unayamba kutuluka mu 2017, ndinaitanitsa yogwirako kale ntchito ku Japan. Ndimakhala ku Chalala, ntchito ili mu tauni, ndipo ndayenda nayo m'mvula, m'chisanu cha June komanso m'kutentha kwa October. Nyenyezi ndikuipatsa 4 pa 5. Koma musathamangire kutumiza ndalama musanamve za malaiti, mpamene pagona nkhani yonse.

Za motoka yeniyeniyo sinditaya nthawi. Imanyamuka ngati yapsa mtima, ukangoponda yapita, palibe zodikira magiya. Mu trafiki ya pa Kafue roundabout kapena Lumumba madzulo ndi pamene imandikomera kwambiri chifukwa ili ndi e-Pedal, ukachotsa phazi imadzichepetsa yokha mpaka kuima ndipo mphamvu ya mabuleki ija imabwerera mu batire, ndiye pamene anzanga akuwotcha petulo ataima ine sindikutaya kanthu kupatula ka AC. Oyilo ya injini kulibe, mapulagi kulibe, redieta yowira pa phiri kulibe. Chimene chatsala ndi matayala, mabuleki, mawaipa ndi ka batire kakang'ono ka 12V, kameneka musakaiwale, kakafooka motoka siidzuka ngakhale batire yaikulu ili yodzaza. Kumapeto kwa mwezi a ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi malaiti, akamalengeza mtengo wa mafuta ine ndimangomva ngati nkhani za dziko lina.

Zoti muzidziwiretu, ndi yotsika pansi, mahampu ena a m'makomboni ndi misewu yathu ya miyala ya ku Chalala mkati imafuna uziyenda chopingasa pang'onopang'ono, makamaka mvula ikakumba. Sikirini yake imalankhula Chijapanizi. Komanso ili phee, ana osewera pamsewu saimva bwino, hutala ndiye yasanduka mnzanga.

Manje tiyeni ku masamu, chifukwa anthu ambiri amasokonekera apa. Yuniti imodzi imene mumagula pa mita ya ZESCO ndi 1 kWh. Motoka iyi mu tauni imayenda makilomita 6 kapena 7 pa yuniti imodzi. Munthu woyenda makilomita 40 pa tsiku, kupita kuntchito, kukatenga ana kusukulu, kudutsa ku msika, amadya mayunitsi 6 kapena 7 basi, muwonjezere pang'ono otayika pochaja. Soketi wamba ya m'nyumba ya 230V, mukaika chaja pa 10A, imapereka pafupifupi 2.3 kW, kutanthauza kuti za tsiku limodzi zimabwerera m'maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kudzaza batire yonse kuchokera pansi pa soketi yomweyo ndi maola oposa 16, koma ndani amadikira kuti ifike pansi? Ine ndikangofika panyumba ndimalumikiza, kaya malaiti alipo kaya kulibe, akabwera 01:00 usiku imayamba yokha ine ndili mtulo. Ndiye funso loyenera si lakuti batire imadzaza maola angati, koma lakuti kwanu malaiti amabwera maola angati pa tsiku, amabwera nthawi yanji, ndipo nthawi imeneyo motoka imakhala ili kuti.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa tonse. Chilala chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February, ndipo popeza malaiti athu ambiri amachokera ku madzi, Kariba, Kafue Gorge, Itezhi-Tezhi, madzi atatsika zonse zinatsika nawo. Ku Kariba North Bank kumene kuli makina 6 okwana 1,080 MW, zinafika poti amodzi okha ndi amene ankazungulira, ndipo pofika September makomo ambiri ankaona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Maamba ya malasha ndi 300 MW yake siikanatha kunyamula dziko lonse. Tsopano taganizani maola atatu amenewo, furiji ikufuna, pampu ya chitsime ikufuna kudzaza thanki, amai akunyumba ayatsa ayironi ndi sitovu kuti aphike nyemba zimene pa mbaula zimamaliza malasha, giza nayo yadzuka, ndiye inu mukubwera ndi motoka yanu kudzapempha 2.3 kW yosadukiza. Pamasamu zimakwana ndithu. M'nyumba ndi pamene sizikwana, buleka imagwa, ndipo akakufunsani kuti tizimitse chiyani pakati pa nyemba ndi motoka, yankho mukulidziwa kale. Choipa kwambiri nchakuti nthawi zina maola atatuwo amagwa masana motoka ili kuntchito, usiku wonse mdima, mmawa mukunyamuka ndi zotsala za dzulo. Ubwino wake batire ya 40 kWh imakupirirani masiku atatu kapena anayi a mu tauni osachaja, ndiye tsiku limodzi loipa silikugwetsani, koma sabata yonse yoipa imakugwetsani.

Ena amati, si muli ndi inivata? Apa ndiime kaye chifukwa ndaona anthu akuwerengera zolakwika. Seti imene yadzaza m'manyumba mu Lusaka muno ndi inivata ya 5 kVA ndi batire ya lithium ya 5 kWh. Batire ya motoka ndi 40 kWh, kuwirikiza ka 8. Kuchaja motoka usiku kuchokera pa batire ya nyumba kuli ngati kukhuthulira chigubu chimodzi mu dramu, dramu silidzaza ndipo chigubu chauma, pakangopita maola awiri nyumba yonse ili mumdima, furiji yazima, ana akulira WiFi. Chimene chimagwira ndi mapanelo, osati batire. Dzuwa la kuno ndi lokwanira, mapanelo okwana 3 kW kapena 4 kW pa tsiku lowala amatulutsa mayunitsi oposa 12, ndiye kuyambira cha m'ma 10:00 mpaka 15:00 motoka imamwa molunjika kuchokera padenga. Koma mwaona vuto lake, masana amenewo motoka iyenera kukhala panyumba. Kwa ine zimatheka Loweruka ndi Sande komanso masiku amene ndimagwirira kunyumba, ndimaidzaza kumapeto kwa sabata kenako mkati mwa sabata ndimangowonjezera ndi malaiti a mita akapezeka. Mu January mitambo ikaphimba masiku otsatizana sola imafooka, apo ndiye umayamba kuyenda AC yozimitsa.

Kanthu kena kamene ogulitsa sola satchula ndi earth, waya ija yolowa m'nthaka yoteteza ku shoko. Chaja ya motoka imayeza kaye ngati waya ya earth ili bwino, ikapeza kuti palibe kapena neutral ikungoyandama monga zimachitikira pa mainivata ena ndi majenereta ang'onoang'ono, imangophethira kalaiti kofiira osapereka kanthu. Kwathu zinali choncho, pa mita ikuchaja bwinobwino, tikasinthira pa inivata yakana. Elekitirishani woyamba anangoti chaja ndi yakufa mugule ina, wachiwiri mdala wina wodekha anatulutsa mita yake, kuyeza, kupita kuseri kwa nyumba nkupeza kuti chitsulo cha earth chinadyeka ndi dzimbiri, waya ikungolendewera m'maluwa. Anakhoma chatsopano, kukonza za neutral pa inivata, basi zinatheka. Mdala yemweyo anandikokera waya yokhuthala yakeyake kuchokera pa DB, bokosi lija la mabuleka, mpaka pa galaja, ndi buleka yake, ndi kachipangizo koteteza malaiti akabwera mwamphamvu kapena akabwera ofooka. Chonde musachaje pa ekisitenshoni ya pa msika ija yoyera ya mabowo anayi. Maola ambiri pa 10A imatentha, pulagi imachita kununkha pulasitiki, ndinaionapo kwa mnzanga ina itasungunuka mbali imodzi nkumamatira ku soketi.

Chingwe chimene chimabwera ndi motoka kuchokera ku Japan chinapangidwira 200V ndi pulagi ya kwawo, musangodula mutu nkuika wathu wa mano atatu, gulani chaja ya 230V ya mutu wa Type 1, makamaka ija yotha kusintha ma amp kuti dzuwa likachepa muzitsitsa pa 8A kapena 6A. Komanso funsani ngati motokayo ili ndi chaja yamkati ya 3 kW kapena 6 kW, za ku Japan zambiri ndi za 3, ndiye kugula bokosi lodula la pakhoma la 7 kW sikungaifulumizitse. Za jenereta, inde zimatheka ikakhala yaikulu bwino, koma kuwotcha petulo kuti uchaje motoka imene unagula pothawa petulo, a neba amangokuyang'ana pa mpanda osanena kanthu.

Bilu ya malaiti imakwera, tisanamizane. Mitengo ya m'nyumba ili m'magawo, mukamagula mayunitsi ambiri pa mwezi yuniti iliyonse yowonjezera imadula, ndipo motoka imakukankhirani ku magawo apamwamba chifukwa imawonjezera mayunitsi pafupifupi 200 pa mwezi kwa woyenda makilomita 40 tsiku lililonse. Ngakhale zili choncho sizifika pa zimene ndinkasiya pa filing'i siteshoni, kusiyana kwake nkoonekeratu.

Zochajira mwachangu za pagulu zilipo koma nzochepa, ndipo Leaf imagwiritsa mutu wa CHAdeMO pamene motoka zatsopano zambiri zikubwera ndi CCS2 kapena GB/T ya ku China, ndiye musanadalire malo ena pitani mukaone ndi maso anu mutu umene ulipo. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, kutentha kwa October kuphatikiza kuchaja mwachangu kawirikawiri kumaikalambitsa msanga, ine ndimaiimika pamthunzi ndipo sindiisiya pa 100% masiku ambiri. Pogula funsani chithunzi cha timizere ta thanzi la batire, tilipo 12, komanso ngati nkotheka lipoti ya LeafSpy, ka apu kowerenga batire kudzera pa OBD, kasoketi ka pansi pa dashibodi, muone nambala ya SOH yosonyeza thanzi la batire pa 100. Makilomita ochepa pa dashibodi asakunamizeni, chofunika ndi batire. Yatsopano inkalembedwa makilomita 270, yanga mu tauni imandipatsa cha m'ma 200, ndipo pamsewu waukulu ukamathamanga 110 nambala ija imatsika ukuiona.

Ndiye Kafue kapena Chongwe kupita ndi kubwera palibe nkhawa. Kabwe, makilomita pafupifupi 140, umafika koma kubwerera mpaka ugone kwa abale ukuchaja, ndipo uyambe wafunsa ngati kumeneko malaiti aliko. Kwathu ku Chipata, makilomita oposa 550 pa Great East Road ndi mapiri a ku Luangwa aja, ayi, maliro akagwa timabwereka ya alamu kapena kukwera basi ku Intercity. Ngakhale poitenga padoko ku Dar es Salaam siyendetsedwa ngati zinazi, imabwera itakwera pa loli mpaka kudutsa Nakonde, ndalama imeneyo muiwerengeretu. Mu bajeti ya 2024 boma linachotsa customs duty pa motoka za malaiti, zimathandiza, koma funsani kiliyaring'i ejenti akuwerengereni zina zotsala musanalipire.

Ndingailimbikitse kwa ndani? Kwa amene ali pa nyumba yake kapena a landilodi omvetsa, pali geti ndi poimika pafupi ndi DB, ali ndi sola ya mapanelo okwanira kapena kuntchito amamulola kulumikiza masana, ndipo pabanja pali motoka ina ya maulendo ataliatali. Amene ali pa mafulati a m'mwamba, kapena pa yadi ya mita imodzi mabanja anayi pomwe ketulo yokha imayambitsa msonkhano, kapena amagoneka motoka ku car park ya kulipira, tengani hybrid monga Aqua mupume. Chisamba yayamba kupereka 100 MW ya sola kuyambira 2025 ndipo mvula ikagwa bwino zinthu zimapepuka, koma Kariba idatsikapo mu 2015, mu 2019, nkubwereza 2024, ndiye ine powerengera ndimatenga chaka choipa. Musanaitanitse, tengani mwezi umodzi muzilemba pa kalendala nthawi imene malaiti abwera ndi imene apita kwanuko, kenako muone kuti pa maola amenewo ndi angati amene motoka ikanakhala ili pa geti.