Tinakadya chambo cha ku "gastropub" kunyanja kuno, chinakoma zedi koma pali chimodzi akonze

Ena mwakhala mukundifunsa za malo atsopano aja ali cha ku msewu wopita ku Monkey Bay, amene pa chikwangwani analembapo kuti gastropub, ndiye Loweruka lapitali tinapitako atatu, ine, mayi akunyumba ndi alamu anga achimwene awo a mayiwo. Dzina la malowo sinditchula chifukwa pali kanthu kamene ndidandaule mmunsimu ndipo sindikufuna kumugwetsera bizinesi munthu amene wangoyamba kumene, a kuno mukuwadziwa kale malo ake.

Eni ake ndi mayi wa konkuno ku Mangochi amene anakhala zaka zingapo ku England akugwira ntchito mkhitchini ya pub. Ndi iwowo anatifotokozera za mawu akuti gastropub, kuti kumeneko pub ndi bala ya mdera mwanu komwe anthu amakakhala akaweruka kuntchito, ndipo kale chakudya cha mmenemo chinali chongotsitsira mowa basi, mtedza ndi tina ta mpaketi. Mu 1991 anthu awiri, David Eyre ndi Mike Belben, anatenga pub yotchedwa The Eagle pa Farringdon Road ku London nkuyamba kuphikamo chakudya chenicheni chapamwamba koma bala ikadali bala, menyu kulemba ndi choko pa bolodi, khitchini poonekera aliyense. Zinafalikira mpaka pub ina ya ku Marlow, The Hand and Flowers ya shefu Tom Kerridge, inafika polandira nyenyezi ziwiri za Michelin, ulemu umene amapatsa malo odyera apamwamba, pub yoyamba kufika pamenepo. Mayiwa akuti akufuna zomwezo kuno koma ndi nsomba za mnyanja yathu ndi mbuzi za kwathu, ndipo ine maganizo amenewo ndinawakonda kuyambira pachiyambi chifukwa malo ambiri a mmbali mwa nyanja menyu yake ndi imodzimodzi, chambo chootcha, nkhuku, chipisi, mpunga, kwatha.

Tinafika cha mma 1 koloko dzuwa lili pamutu, kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Mkati muli matebulo a matabwa opanda nsalu, mipando yosafanana, bolodi lalikulu kukhoma, kunja kuli khonde loyang'ana kunyanja ndipo kamphepo kamafika bwinobwino. Tinakhala pakhondepo kudikira weita mphindi ngati 15 osabwera munthu, mpaka kamtsikana kena kanabwera nkunena kuti pepani abambo oda mumakapereka pa kauntala. Ndi mmene amachitira mma pub ambiri ku England, umapita wekha pa bala kukaitanitsa nkulipira, koma kuno sitinazolowere ndiye angolemba pakhomo kuti anthu adziwe, sizovuta.

Za zakumwa sindichedwapo. Mowa wa ku England uja amati cask ale, wopopa ndi dzanja kuchokera mchipinda cha pansi ndipo samauziziritsa kwambiri, kulibe, mayi eni malo akuti ndi kutentha kwa kuno ungaonongeke msanga. Ndiye ndi Green ndi Kuche Kuche zomwezi koma amathira mu tambula yaikulu ya pint, imene ndi 568 ml. Wanga unali wozizira bwino. Mayi akunyumba anatenga Malawi Gin ndi tonic muli ndimu wodula mokhuthala, alamu ndi Msilamu ndiye anatenga juwisi wa malambe wopanga okha, anati ndi wabwino sanachulutse shuga.

Tsopano chakudya. Tinayamba ndi chimene amati Scotch egg, dzira lowiritsa lokutidwa ndi nyama yogaya nkuvivinizidwa mu nyenyeswa za buledi nkukazinga. Ku England nyama yake imakhala ya soseji ya nkhumba koma kuno agwiritsa ntchito ya ng'ombe ndipo pa bolodi analemba kuti nkhumba mkhitchini mwawo simulowa, nyama amagula kwa opha a halaal. Titalidula pakati chikasu chake chinali chofewa chikuyenderera pang'ono, kunja kuli khirichikhirichi. Mayi akunyumba poyamba amakaika kuti dziralo silinapse koma atalawa anatenga theka lonse.

Iwo anaitanitsa payi ya mbuzi, ine ndi alamu tinaitanitsa fish and chips ya chambo. Apa ndiye ndichedwepo chifukwa ine ndakulira chambo, bambo anga anali msodzi ku Malombe, ndipo ndimaona ngati palibe chatsopano chimene munthu angandionetse pa nsomba imeneyi. Chinabwera chopanda mutu chopanda minga, mnofu wokhawokha wautali kudzaza mbale, wokutidwa ndi chikhungwa cha ufa wa tirigu chofiirira ngati uchi. Nditaboola ndi foloko chinalira, nthunzi nkutuluka, mnofu mkati woyera mbee ukugawanika wokha mzigawo zigawo, wosauma ngakhale pang'ono komanso mafuta sanalowe. Ku England amaphika chonchi cod kapena haddock za mnyanja ya mchere, koma ndikunenetsa chambo chimagwirizana nazo kwambiri chifukwa chili ndi kakomedwe kake kotsekemera kamene chikhungwacho chimatsekera mkati. Pambali panali nsawawa zophwanya ngati chipere, zobiriwira, ndi sosi woyera wowawasa amene amati tartare. Mutu ndinaufunsa, chifukwa kwa ife chambo chopanda mutu chimakhala ngati chaperewera, akuti mitu ndi minga amawiritsira msuzi. Ndinawapempha kuti aziika mutu wokazinga pambali kwa amene akufuna, anthu a kuno adzaukonda.

Chipisi chake si cha pa chiwaya chimene tinazolowera. Ndi chonenepa ngati chala chachikulu, mbatata ya kachewere yochokera ku Ntcheu, ndipo amaphika katatu, kuwiritsa mmadzi mpaka mmbali muyambe kusweka, kuziziritsa mu furiji, kukazinga pa moto wochepa, kuziziritsanso, kenako kukazinga pa moto waukulu munthu akaitanitsa. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi shefu wa ku England Heston Blumenthal. Kunja kolimba mkati ngati ufa, ndipo sichinafote mpaka tinamaliza kudya. Ndinapempha kambuzi anandipatsa wosinja ndi mchere, zinakhala bho.

Vuto linabwera apa. Mayi eni malo anadutsa pa tebulo lathu kufunsa ngati zili bwino, ine nkuwafunsa kuti mayi chikhungwa chimenechi mumatani kuti chikhale chopepuka chonchi, iwo mosangalala nkunena kuti ndimasungunula ufa ndi Green wozizira, ndi mmene timachitira ku England. Alamu anali atadya kale kawiri kapena katatu. Anangoika foloko pansi pang'onopang'ono nkukankha mbale, osayankhula. Mayi aja atazindikira anayamba kufotokoza kuti mowawo umauluka ndi moto wa mafuta, alamu anawayankha mofatsa kuti, "Mayi, zoti umauluka kapena suuluka ndi za ine ndi Mulungu wanga, inu mukanangondiuza ndisanadye."

Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndine ndinawaitana alamu ndipo ndine ndinawauza kuti nsomba ilibe vuto. Munthu anaona bolodi lalemba za halaal, anakhulupirira. Mangochi ndi boma limene Asilamu ndi ochuluka, kuyambira pa Boma mpaka ku Makanjira ndi ku Namwera, komanso pali a mipingo ina amene mowa safuna ngakhale fungo lake, ndiye sungatenge maphikidwe a ku London mmene alili osaganiza kuti akudya ndani. Mayiwa za nkhumba anaziganizira bwino koma za mowa wa mchakudya anaiwala, pamene zakudya zambiri za mma pub a ku England zimalowa mowa, payi ya ng'ombe amaphikira ale, msuzi wina amathira vinyo. Ndinafunsanso za payi ya mbuzi ija, akuti imeneyo mulibe, koma munthu sungadziwe ndi maso.

Chimene ndiwayamikire nchakuti sanakakamire kudziteteza. Anapepesa kwa alamu atagwira mmanja, anachotsa mbaleyo, nkukaphika china ndi madzi a soda mmalo mwa mowa. Alamu anafunsa za mafuta ngati ndi omwe aja, mayiwo anati ayi ndithira atsopano mpoto wina, ndipo poti khitchini ili poonekera tinaona ndithu akutsegula botolo la mafuta. Chinatenga mphindi ngati 20. Ndinalawako cha soda chija ndipo kunena zoona kusiyana kwake nkochepa kwambiri, kukhirichika komweko, mwina mtundu ndi umene unali wotuwirapo pang'ono. Mbale imeneyo sanatilipiritse.

Payi ya mbuzi mayi akunyumba anati nyama inafewa mpaka kumadula ndi supuni ndipo fungo la mbuzi lija munalibe, koma mchere unachepa ndipo mbatata yosinja ya pambali inabwera itazizira kale.

Pomaliza anatibweretsera sticky toffee pudding, keke yofewa yakuda yothiridwa msuzi wotentha wa shuga ndi batala. Alamu anayamba afunsa kaye ngati muli kanthu, mayiwo anatchula zonse zimene amathira chimodzi chimodzi. Atalawa anamwetulira koyamba chichitikireni zija nkunena kuti mlamu, umu muli tende, zomwe zija timamasulira pa Ramadan. Ndi zoona, keke imeneyi amapangira tende zophwanya. Tinagawana mbale imodzi atatu ndipo inatikwana chifukwa imatsekemera kwambiri.

Mtengo ndi wokwera, osanamizana. Mbale imodzi ya chambo ndalama yake mungagule nsomba zodya banja lonse pa msika wa pa Boma, ndiye si malo opita sabata iliyonse, koma pa tsiku lapadera kapena mukalandira alendo ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndalamayo simungaidandaule. Amalandira za pa foni. Lamulungu akuti amaphika Sunday roast, ng'ombe yootcha mu uvuni ndi Yorkshire pudding (chofufuma cha ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka chophika mu uvuni) ndi msuzi, koma imatha msanga ndiye kumafika isanakwane 2 koloko. Ine ndidzapitanso kumapeto kwa mwezi, alamu ati aganiza kaye. Mmene timatuluka mayi aja anali atakwera pa mpando ndi choko mmanja akufufuta mzere wa chambo pa bolodi, nkulembapo mizere iwiri, cha mowa ndi cha soda.