Telala amene anandidulira kapulana mozondoka ndi yemwenso wandisokera jekete limene sindikulivula

Ndakhala ndikuzengereza kulemba ndemanga iyi kuyambira mwezi wa Epulo, chifukwa ndikanailemba sabata imene zinthuzi zinachitika, ndikanaika mawu amene lero ndikanachita nawo manyazi. Tsopano tili pakati pa Julayi, chisanu cha kuno ku Angónia chafika pachimake, ndipo ndikulemba nditavala jekete limene wandikonzera telala yemwe uja amene ndinalumbira kuti sindidzapondanso pakhonde pake. Amayi a ku Ulongwe mukuwadziwa bambo achikulire aja a makina opalasa ndi mapazi, amene amagwira ntchito ndi mwana wawo wamkazi komanso mnyamata mmodzi wophunzira kusoka. Dzina lawo sinditchula, pakuti sindikufuna kuwathamangitsira makasitomala, koma ndikufuna kuti aliyense wopita kukasiya nsalu kumeneko adziwe zimene angayembekezere.

Monga timachitira chaka chilichonse, ife aphunzitsi aakazi a pasukulu pathu tinagwirizana kumayambiriro kwa Malichi za kapulana (chitenje) wa pa 7 Epulo, tsiku la amayi kuno ku Mozambique. Kwa ine tsikuli limalemera kuposa nkhani ya mavalidwe. Ndi tsiku limene Josina Machel, mayi amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino, anamwalira ku Dar es Salaam mu 1971 ali ndi zaka 25 zokha, ndipo malemu mayi anga, amene sanapondepo m'kalasi, ankapinda kapulana wa tsikuli chaka ndi chaka n'kumusunga pansi pa sutikesi, osalola kuti wina aberekere mwana kapena atengere ufa kuchigayo. Chaka chino tinasankha wobiriwira wa maluwa achikasu, wokhala ndi mawu a tsikulo m'mphepete mwake. Ndinagula atatu pa mametikali 300 aliyense, awiri a diresi ndipo wachitatu womanga m'chiuno. Sitayilo imene yagwira atsikana a kuno ndi ija ya diresi lalitali lothina mpaka m'mawondo n'kutambasuka pansi ngati mchira wa nsomba, lokhala ndi mikono yotukumuka kwambiri, imene amaiona pa Facebook ndi pa WhatsApp kuchokera ku Maputo ndi ku Lilongwe. Ine ndinapempha mikono yotukumuka pang'ono chabe, ndi siketi yoti ndikhoza kukwera nayo shapa, minibasi ya kuno, popanda kugwiriziza m'mbali.

Nsaluyo ndinaisiya pa 12 Malichi, nditaichapa kale kuti sitachi achoke ndiponso kuti ngati ili yobwerera ibwereretu isanadulidwe. Tinagwirizana mametikali 700, ndipo 400 ndinatumiza pomwepo pa M-Pesa. Amene anandiyeza ndi mtsikana uja. Ndinamuuza kawiri konse kuti mawu a m'mphepete akhale pansi pa siketi, kutsogolo ndi kumbuyo, owerengeka bwino munthu ataimirira, koma iye ankangoyankha kuti "chabwino, aphunzitsi" maso ali pafoni, cholembera chili pakamwa. Anandiuza kuti ndibwere pa 30 Malichi. Ndinapita pa tsikulo, ndinapitanso pa 2 ndi pa 4 Epulo, ndipo ulendo uliwonse yankho linali lakuti kwatsala kupendera basi. Tsiku lina anandiuza kuti magetsi anathima, pamene makina a bambo ake sadya magetsi n'komwe.

Pa 6 Epulo madzulo ndinachoka kusukulu bata, chovala changa choyera chophunzitsira, ili m'thupi, choko chili m'zala, n'kulunjika kumeneko. Pakhonde panali podzaza amayi, ena atakhala pa benchi, ena pansi, aliyense akudikira chake cha mawa. Mtsikanayo anatulutsa diresi langa litapindidwa m'jumbo, jumboyo atamanga mfundo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tangomalizani yotsala ija, mukayesere kunyumba, anthu achuluka." Mfundo imeneyo ndi imene inandikayikitsa. Ndinamasula pomwepo n'kulitambasula. Kutsogolo linali lokongola ndithu, mikono ili monga ndinafunira, khosi litakhala bwino. Nditalitembenuza, mtima unangoti phwii. Chigawo chonse cha kumbuyo chinadulidwa mozondoka, maluwa akuyang'ana pansi, ndipo mawu aja amene ndinanena kawiri anali atakwera kumsana, pamwamba pa chiuno, zilembo zili chadodolido. Pamwamba pa zonsezo, pa diresi lobiriwira anaikapo zipi yofiirira.

Kulakwitsa kudula kumachitika, ndipo ine amene ndimachonga makope a ana tsiku ndi tsiku ndikudziwa kuti dzanja limaphonya. Chimene chinandipweteka ndi yankho la mwanayo. Pamaso pa amayi onse aja, ena mwa iwo makolo a ana amene ndimaphunzitsa, anati, "Nanga kumbuyoko muzikaonako ndinu? Mukamanga kapulana pamwamba palibe amene adziwe." Nditamukumbutsa zimene ndinamuuza, anatsegula kope lake n'kundiloza tsamba limene munali miyezo yokha, n'kunena kuti ndikanakhala kuti ndinanena akanalemba. Kunena kwina, anandiyesa wabodza, ine wa msinkhu wa mayi ake. Amayi awiri anaseka chamumtima, wina anayang'ana kumbali, ndipo ine ndinamva nkhope ikutentha ngakhale mphepo ya madzulo inali itayamba kale kuzizira.

Bambo ake anali kuseri akusita ndi simbi ya makala, ndipo atamva mawu akukwera anatuluka. Sanafunse aliyense kanthu. Anatenga diresilo, analikweza m'mwamba moyang'anitsa kudzuwa, analitembenuza uku ndi uku kwa nthawi imene kwa ine inaoneka yaitali, kenako anati, "Mayi, talakwa ndife. Amene wadula ndi mnyamatayu, koma sizasi ndi yanga, ndiye mlandu ndi wanga. Mubwere mawa 6 koloko m'mawa." Ine sindinawakhulupirire ngakhale pang'ono, chifukwa aliyense akudziwa kuti ikamafika sabata imeneyo kapulana wa gulu amakhala atatha m'mashopu onse a ku Ulongwe. Ndinawauza kuti andichititsa manyazi, kuti nsalu yanga aiwononga ndipo sadzandionanso, n'kuchoka osatsanzika. Usiku umenewo ndinatulutsa diresi la chaka chatha n'kulisita, ndikudziwa kuti pa mzere wa anzanga ndidzakhala ndekha wa mtundu wina.

Amene anandikakamiza kupita m'mawa mwake ndi bambo a kunyumba. Anati, "Mayi a ana, munthu wamkulu akakupatsa nthawi umapita, ukakapeza palibe kanthu ndiye udzakhale ndi chonena." Ndinafika nkhungu isanachoke. Ndinawapeza bambo aja atakhala pa makina, atafunda bulangete m'mapewa, nyali ya sola ikuzimirira pambali, maso ali psuu. Diresi linali pa hang'ala. Ndinamva pambuyo pake kuti nditangochoka anatuma mnyamata uja pa njinga yamoto mpaka ku Calómuè, kumalire ndi Dedza, kumene wamalonda wina anali atatsala ndi makapulana ochepa a mtundu womwewo, ndipo anagula mmodzi ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Usiku wonse anasomola kumbuyo konse, anadula chigawo chatsopano, n'kulumikiza mosamala kotero kuti duwa limene lagawidwa ndi zipi limakumana ndendende mbali zonse ziwiri, ngati kuti nsaluyo sinadulidwepo. Zipi inali yobiriwira. Mawu aja anali pansi, oongoka, owerengeka. Nditatulutsa mametikali 300 otsala aja anakana, n'kunena kuti, "Imeneyo ikhale ya tulo timene simunagone, mayi." Ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga a dzulo lake, ndipo ndinaguba ndi anzanga nditavala mofanana nawo.

Ndiyenera kunenanso chimene sichinayende bwino. Popeza kapulana wa ku Calómuè uja anadulidwa asanachapidwe, nditachapa diresilo koyamba kumbuyo kunabwerera pafupifupi chala chimodzi, mpendero n'kusiyana ndi wa kutsogolo, ndipo ulusi wa msoko wa m'mbali unakoka pang'ono. Ndinabwerera nalo, anakonza ndikudikira, osalipiritsa. Koma munthu woyang'anitsitsa akhoza kuonabe kuti kubiriwira kwa kumbuyo n'kozama kuposa kwa kutsogolo.

Nkhani ya jekete inadza mu Meyi, chisanu chitayamba kuluma m'mawa. Zaka ziwiri zapitazi achinyamata a kuno, ngakhalenso akuluakulu, athamangira majekete atsopano onyezimira aja otukumuka ngati matiresi. Chaka chatha nanenso ndinagula limodzi pa mametikali 1,200, ndipo nditalichapa kawiri thonje la m'kati linaundana m'makona, kumsana n'kutsala nsalu yokha yolowetsa mphepo. Chaka chino ndinabwerera pa mulu wa kalamidade, zovala zija za kaunjika. Ana a masiku ano amatchula dzinali osadziwa kuti linachokera ku zovala za chithandizo zimene zinkabwera m'zaka za nkhondo ndi chilala, koma ife amene tinakulira kumbali ya Dedza ndi Ntcheu ngati othawa kwawo, n'kubwerera mtendere wa 1992 utasainidwa, sitingaiwale fungo la belo longotsegulidwa kumene. Pa mulu umenewo ndinapeza jekete laubweya lotuwa, lolemera, lofika m'ntchafu, pa mametikali 450, mtengo utatsika chifukwa nsalu ya m'kati inali yong'ambika ndipo mabatani awiri anali atathothoka.

Ndinapita nalo kwa bambo omwe aja, ndikuyembekezera kuti angoika zigamba. Iwo analiyang'ana, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kajumbo. Munali chigawo chija chodulidwa mozondoka pamodzi ndi zidutswa zonse zotsala za makapulana anga, zitapindidwa bwinobwino. Anati, "Nsalu yanu ija ilipo, mayi, sitinataye ngakhale kachidutswa." Amene munasoketsapo kwa matelala ambiri mukudziwa kuti zotsala kawirikawiri sizibwerera, umangodzaziona zitasanduka kolala ya malaya a mwana wa wina. Anachotsa nsalu yonse ya m'kati, anaikamo kapulanayo kuyambira m'mapewa mpaka pansi, anatulutsako kamzere kakang'ono m'mphepete mwa kolala ndi kumapeto kwa mikono, ndipo anawonjezera thumba lakuya la m'kati loti foni isagwe ndikamakwera njinga yamoto. Mabatani anasintha onse kuti afanane. Mawu aja amene anandiliza mu Epulo anawaika m'munsi mwa jeketelo cham'kati, oongoka, kotero kuti ndikalivula n'kulikoleka pa msomali wa m'kalasi, atsikana a kutsogolo amawawerenga. Ntchito yonseyi inatenga masiku anayi, ndipo anandilipiritsa mametikali 350.

Pa zovala zonse zimene ndagula m'zaka zaposachedwa, palibe chimene ndikuchikonda ngati chimenechi. Ndimachoka nalo kunyumba udzu uli mbuu ndi chisanu, ndipo mphepo ija yochokera kumapiri imene imalowa mpaka m'mafupa siipyola. Kapulana wa m'kati ndi wa thonje, choncho sachititsa thukuta dzuwa likatuluka. Pa nkhani ya thonjeyi, amayi anzanga, musamangokhulupirira kuwala kwa nsalu pa shelefu. Solani kaulusi kamodzi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi: ka thonje kamapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene ka pulasitiki kamasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Kusiyana kumeneku mudzakumva bwino mukadzatsikira ku mzinda wa Tete mu Okutobala kapena Novembala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo diresi limene linkakusangalatsani kuno kumtunda limakumatirirani pathupi musanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel.

Za mtsikana uja maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Mpaka lero sanandipepese, ndipo ndikafika amandilonjera ndi mawu a m'mphuno, nkhope ili kumbali. Luso la bambo ake n'lalikulu, koma pakhomo la bizinesiyo pakhala munthu amene samvetsera, ndipo zolakwika zimayambira pa kope lakelo. Amene mukupita kumeneko pemphani kulankhula ndi bambowo eni ake, ndipo musachoke musanaone ndi maso anu zimene zalembedwa. Musamasule chikwama jumbo isanamasulidwe. Pewaninso kusiya nsalu kutatsala milungu itatu kuti lifike tsiku lalikulu, kaya ndi 7 Epulo, kaya ndi 1 Juni pamene makolo amasoketsera ana, kaya ndi miyezi ya maukwati anthu akagulitsa fodya ndi mbatata ya kachewere, pakuti nthawi zimenezo ndi pamene sizasi imagwera m'manja mwa wophunzira.

Loweruka lapitali ndinakasiya nsalu ya pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, kudakali miyezi itatu. Ndinaichapa kale, ndinajambula muvi ndi choko kuseri kwa chigawo chilichonse kusonyeza kumene kuli kumwamba, ndipo malangizo ndinalemba ndekha m'kope lija ndi cholembera changa chofiira, mtsikanayo akuonerera. Bambo aja anawerenga mzere uliwonse pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo, kenako anaika nsaluyo pa shelefu ya pamwamba pa makina awo, n'kunena kuti imeneyo adula okha, ndipo ndikatenge pa 20 Ogasiti.