Mafunso a Kafukufuku: Kuchipatala Kapena Kunyumba?

Namwino amene akuchita kafukufuku pakati pa amayi oyembekezera ku Ntcheu ayenera kusankha malo ofunsira mafunso, ndipo chisankhochi chimakhudza ufulu wa wofunsidwayo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo makomiti a NHSRC ndi COMREC, omwe amayang'anira kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno, amaunika momwe chilolezocho chidzapemphedwere asanavomereze ntchito.

Kuchipatala chinsinsi chimasungika, chifukwa chitseko chikatsekedwa palibe womvera, komanso palibe amene angadabwe kuona mayi akupita kusikelo. Vuto lagona pa yunifolomu. Mayi amene wafika atagwira buku lake lachipatala amaopa kukana, poganiza kuti namwino yemweyo sadzamulandira bwino tsiku lochira. N'chifukwa chake chikalata cha Helsinki, cha mfundo za padziko lonse zotsogolera kafukufuku wa zachipatala pa anthu, chomwe chinayamba kutuluka mu 1964, chimati ngati wodwala amadalira wofufuzayo, chilolezo chipemphedwe ndi munthu wina woyenerera.

Kunyumba mayi amamasuka, pakuti ali pakwawo ndipo mlendo ndi namwinoyo. Koma mphasa ikayalidwa pakhonde, apongozi amakhala poteropo akutongola chimanga, ndipo galimoto ya kafukufuku ikangoima pabwalo anthu amayamba kunong'onezana za HIV. Kuvomera kwa amfumu n'kongolowera m'mudzi, sikulowa m'malo mwa mawu a mayiyo.

Pa nkhani za uchembere ndi matenda, ine ndikuona kuti chipatala chikuposa, malinga mayiyo afunsidwe atalandira kale chithandizo, ndiponso auzidwe momveka kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse.