Mfuti Yosawononga Chikopa: Kuyerekeza .17, .204 Ruger, .223 ndi .22-250

Ku Canada ndi kumpoto kwa United States, chisanu chikafika pachimake m'miyezi ya Novembala mpaka Januwale, alenje ambiri amasaka coyote, nkhandwe yofiira ndi bobcat, ndipo chimene amafuna kwenikweni ndi chikopa, chifukwa ubweya umakhala utakhwima nthawi imeneyo. Coyote ndi nyama ya mtundu wa galu yofanana ndi nkhandwe ya kwathu koma yokulirapo, pamene bobcat ndi mphaka wam'tchire wa mchira waufupi amene msinkhu wake suli kutali ndi wa njuzi. Ogula zikopa, monga amene amasonkhana pa msika wa Fur Harvesters Auction ku North Bay m'chigawo cha Ontario, amayang'anitsitsa bowo lililonse ndi msoko uliwonse. Kuchokera pamene kampani ya Canada Goose, imene inkagwiritsa ntchito ubweya wa coyote, inalengeza mu 2021 kuti isiya kugwiritsa ntchito ubweya pa majekete ake, mitengo ya zikopa za coyote inatsika, moti chikopa chong'ambika nthawi zina sichibweza ngakhale ndalama ya mafuta a galimoto.

Chipolopolo chimawononga chikopa m'njira ziwiri. Chikhoza kudutsa nyama n'kutulukira mbali ina chitaphwasuka kale, n'kusiya bowo loti nkhonya ikhoza kulowa. Chikhozanso kuphulikira pamwamba chikangogunda fupa la phewa, n'kusenda chikopa pamalo aakulu ngati mbale koma osafika m'mapapo, ndipo zimenezi n'zoipa kwambiri chifukwa nyama imathawa ili ndi bala. Chimene mlenje amafuna ndi chipolopolo cholowa pa kabowo kakang'ono, chophwasukira m'chifuwa ndi kuthera momwemo. Kuti zimenezi zitheke, kulemera kwa chipolopolo ndi liwiro lake ziyenera kugwirizana ndi thupi la nyama, ndipo apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa nkhandwe yofiira imalemera makilogalamu 4 mpaka 7 ndipo chikopa chake n'chopyapyala, pamene coyote wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 15 ndipo ndi wolimba thupi modabwitsa.

Mfuti zimene tikuyerekeza pano zimatchulidwa ndi manambala monga .17, .204 ndi .22, amene amasonyeza pafupifupi kunenepa kwa chipolopolo m'mainchi. Ya .17 HMR, imene kampani yopanga zipolopolo ya Hornady inatulutsa mu 2002, imaponya kachipolopolo ka galamu 1.1 pa liwiro la mamita pafupifupi 775 pa sekondi. Pa nkhandwe imene ili pafupi imagwira ntchito bwino ndipo siwononga, koma pa coyote ine sindiivomereza, pakuti mphamvu yake ndi yochepa ndipo nyama zambiri zimakafera kutali osapezeka. Ya .17 Hornet ya mu 2012 ndi nkhani ina, chifukwa chipolopolo chake cha galamu 1.3 chimachoka pa liwiro loposa mamita 1,100 pa sekondi, phokoso lake n'lochepa, ndipo wonga umene imadya ndi wochepanso. Kwa munthu amene amasaka nkhandwe ndi bobcat makamaka, iyi ndiyo ndingaiike patsogolo. Pa bobcat m'pofunika kusamala koposa, popeza mtengo wa chikopa chake uli pamimba pamene pali ubweya woyera wa mawangamawanga, ndipo chikopacho sichituluka m'dziko chopanda chizindikiro cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire.

Ya .17 Remington, imene inabwera mu 1971, inatchuka pakati pa alenje a zikopa kwa zaka zambiri, ndipo sikuti inatchuka pachabe. Chipolopolo chake cha galamu 1.6 chimapitirira mamita 1,200 pa sekondi, ndipo chikalowa bwino m'nthiti mwa coyote, kabowo kake umachita kukafunafuna ndi zala m'kati mwa ubweya. Zovuta zake ndi zitatu. Mphepo imachikankha msanga chifukwa n'chopepuka, ndipo m'zigwa za Saskatchewan ndi Alberta ku Canada kapena Montana ku United States, kumene kumachokera zikopa zabwino za coyote, mphepo siisowa. Mpope wa mfutiyi umada msanga ndipo umafuna kutsukidwa pafupipafupi. Komanso zipolopolo zake sizipezeka m'sitolo iliyonse, choncho imakomera amene amadzikonzera okha zipolopolo kunyumba.

Ya .204 Ruger inapangidwa ndi Hornady pamodzi ndi kampani yopanga mfuti ya Ruger mu 2004, ndipo ili pakati pa ma .17 ndi ma .22. Chipolopolo cha magalamu 2.1 chimayandikira mamita 1,290 pa sekondi, ndipo chimayenda mowongoka moti pa mtunda wa mamita 250 mlenje sasowa kukweza mfuti kwambiri. Mfutiyi siikankha phewa kwambiri, choncho umaona m'galasi lolozera pamene chipolopolo chagunda. Komabe chipolopolo chopepukachi, makamaka cha nsonga ya pulasitiki ngati V-Max, ndi chimene chimakonda kuphulikira pa phewa nyama ikakhala pafupi. Ine ndinaphunzira zimenezi pa coyote amene anabwera mothamanga atamva chitoliro chotsanzira kulira kwa kalulu. Ndinawombera ali pa mamita osakwana 50, chipolopolo chinagunda fupa, ndipo ndinayenera kuwomberanso kachiwiri. Madzulo ake, nditasenda chikopa ndi kuchitembenuza, ndinakhala ndi singano ndi ulusi ndikulumikiza m'mphepete mwa bala lofanana ndi chikhatho, ndikukankhira ubweya kumbali ndi chala kuti usalowe mumsoko, koma pochiyanika pa thabwa msokowo unkaonekabe. Kuyambira tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito zipolopolo zolemerako, za magalamu 2.3 mpaka 2.6, zimene zimalowa mozama zisanaphwasuke.

Ya .223 Remington ya mu 1964 ilibe chodabwitsa chilichonse pa liwiro, popeza chipolopolo cha magalamu 3.6 chimachoka pa mamita pafupifupi 990 pa sekondi, koma ubwino wake ndi wakuti imapezeka paliponse, ndi yotsika mtengo, ndipo mitundu ya zipolopolo zake ndi yambirimbiri. Zimenezi zimapatsa mlenje mpata woyesa mpaka atapeza chimene chikugwirizana ndi mfuti yake. Zipolopolo za magalamu 2.6 mpaka 3.2 zophwasuka msanga kawirikawiri zimathera m'chifuwa mwa coyote, pamene za nsonga ya mtovu zolemerapo zimatuluka, ngakhale bowo lake nthawi zambiri limasokeka. Ena amaganiza kuti chipolopolo chokutidwa chonse ndi mkuwa, chija cha asilikali, ndicho chabwino chifukwa chimangoboola kabowo, koma chimenechi sichipha msanga, chimatha kugudubuzika m'thupi n'kung'amba potuluka, chimanjanja pa nthaka youma ndi chisanu, ndipo m'madera ena malamulo amachiletsa posaka. Pa nkhandwe, .223 ndi yamphamvu mopitirira, ndipo imawononga kawirikawiri.

Ya .22-250, imene Remington inayamba kugulitsa mu 1965, imaponya chipolopolo chomwecho cha magalamu 3.6 pa liwiro loposa mamita 1,100 pa sekondi. Coyote amagwera pomwepo ngakhale ali pa mamita 300, koma ali pafupi chikopa chimavutika, ndipo pa nkhandwe kapena bobcat sipatsala chogulitsa. Ya .243 Winchester ya mu 1955 ndi ya mlimi amene akuteteza nkhosa zake ndipo alibe nazo ntchito zikopa.

Kwa mlenje amene angakwanitse mfuti imodzi yokha ndipo nyama yake yaikulu ndi coyote, ndingasankhe .223, ndipo .204 Ruger ndingaisiyire amene ali wokonzeka kulipira zambiri pa zipolopolo kuti apeze kuwongoka kwake. Amene amasaka ku California akumbukire kuti kuyambira pa 1 Julaye 2019 zipolopolo za mtovu n'zoletsedwa pa ulenje uliwonse, ndipo zopanda mtovu zimapezeka mosavuta pa .223 kusiyana ndi pa ma .17. Mfuti iliyonse mwa zimenezi imafuna kuti nyama ikaima chopingasa muloze kumbuyo pang'ono kwa mwendo wakutsogolo, m'nthiti, ndipo ikaima chokuyang'anani muloze pakati pa chifuwa, pamene khosi lathera, chifukwa pamenepo chipolopolo chimakhala ndi thupi lonse loti chitheremo.