Kompyuta ya madisiki awiri ikakana kulowa mu Windows: BIOS, bcdboot kapena kufomata?

Ma SSD (madisiki amakono othamanga kwambiri) atatsika mtengo, makompyuta ambiri kuno ku Chipata anakhala ndi madisiki awiri: SSD yaing'ono yoikamo Windows, ndi hard disk yakale yosungiramo zithunzi, nyimbo ndi mafayilo a ntchito. Zimayenda bwino ndithu, mpaka tsiku lomwe mukuyatsa makina n'kupeza sikirini yakuda yolembedwa "No bootable device". Mukainyamula kupita nayo kwa okonza a ku Down Shops kapena ku Kapata, kawirikawiri mumva mawu amodzi: tifomate, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Njira zilipo zitatu, anzanga, ndipo kufomata kuyenera kubwera kumapeto.

Choyamba timvetse gwero lake. Windows sadzuka yekha. Pa makina a UEFI (njira yatsopano yodzutsira kompyuta) pali kachigawo kakang'ono ka disiki kotchedwa EFI, ka FAT32, kamene nthawi zambiri kamakhala 100 MB, ndipo ndimo mumakhala mafayilo odzutsa Windows. Mukamaika Windows pa SSD yatsopano hard disk yakale ili cholumikizidwa, pulogalamu yoikira ikapeza EFI pa disiki yakaleyo imangogwiritsa ntchito yomweyo, osapanga ina. Ndiye Windows ali pa SSD, koma chomudzutsa chili pa disiki ina. Zili ngati nyumba yanu yomwe kiyi wake amasunga aneba: tsiku lomwe iwo apita kumudzi ku Katete, inu mugona pakhonde katundu yense ali bwinobwino m'katimo. Hard disk ija ikafa, mukaichotsa, kapena mukaifomata poganiza kuti mulibe kanthu, vuto limayambira pamenepo.

Njira yosalira ndalama ndi yolowa mu BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa makina komwe kamayamba kugwira ntchito Windows asanadzuke. Pa Dell ndi Lenovo dinani F12 makina akangoyaka, pa HP ndi F9, ndipo mudzaona mndandanda wa zonse zomwe kompyuta ingadzukirepo. Sankhani "Windows Boot Manager", osati dzina la disiki chabe. Ikalowa, bwererani mu BIOS mukaike chimenecho pamwamba. Apa simukukhudza fayilo ngakhale imodzi, n'chifukwa chake ndimayambira pano nthawi zonse. Muyang'anenso deti. Ngati yabwerera chaka chakalekale, ndiye kuti kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard katha mphamvu, ndipo BIOS yaiwala zonse zomwe munaiuza. Makina ambiri omwe timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, kabatireko kamabwera katakalamba, ndiye malaiti akamathima maola ambiri kamatha msanga chifukwa ndiko kokha kamasunga zinthuzo magetsi kulibe. BIOS ikaiwala imatha kuchoka pa UEFI kupita pa Legacy (njira yakale yodzutsira), kapena kusintha momwe imalumikizirana ndi madisiki (SATA) pakati pa AHCI ndi RAID, ndipo chachiwirichi chimabweretsa sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Mukabwezera momwe zinalili, Windows amalowa ngati palibe chinachitika.

Kufooka kwa njira imeneyi n'koonekeratu: ngati EFI inapita limodzi ndi disiki yakufa, m'mndandandamo mulibe choti musankhe.

Pamenepo mpofunika fulashi ya 8 GB yoikira Windows, ndipo m'katimo muli zida ziwiri zopikisana: Startup Repair ndi bcdboot. Startup Repair imangofuna kudina kamodzi, koma pa madisiki awiri imandikhumudwitsa kawirikawiri: imazungulirazungulira kenako n'kunena kuti yalephera, chifukwa siyikupangirani EFI yatsopano pomwe palibe. Malangizo a bootrec /fixmbr omwe adzaza YouTube anali a makina a MBR, kagawidwe kakale ka disiki. Pa UEFI, bootrec /fixboot nthawi zambiri imangoyankha "Access is denied". Chida chenicheni ndi bcdboot, lamulo lomwe limaika mafayilo odzutsa Windows mu EFI.

Musanalembe chilichonse, zimitsani makina, zulani chingwe cha SATA cha disiki ya mafayilo, mutsale ndi SSD yokha. Dzukirani pa fulashi, dinani Shift ndi F10, kawindo kakuda kolembamo malamulo (Command Prompt) katseguke. Lembani diskpart (chida chogawira disiki), kenako list disk. Ngati pansi pa Gpt pali kanyenyezi, SSD yanu ndi ya GPT, kagawidwe komwe kamayendera UEFI, ndipo mukhoza kupitiriza. Lembani list volume kuti muone chilembo chomwe Windows wapatsidwa, chifukwa m'menemu amatha kukhala D kapena E m'malo mwa C. Kukula kwa gawolo ndiko kungakuuzeni. Lisankheni ndi select volume ndi nambala yake, muchepetseko pang'ono ndi shrink desired=300, kenako create partition efi size=260, format quick fs=fat32, assign letter=S, ndi exit. Mzere womaliza ndi bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI, mutasintha D ndi chilembo chanu. Mukaona "Boot files successfully created", chotsani fulashi, yatsaninso. Mapulogalamu anu, mafayilo a pa desktop, zonse mudzazipeza momwe munazisiyira, ndipo SSD ija tsopano ikudzuka payokha.

Sindibisa, njira imeneyi ili ndi ngozi yake. Diskpart safunsa kawiri. Mawu oti clean mukawalemba pa disiki yolakwika, zigawo zake zonse zasowa nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira zozula chingwe chija. Ngati disiki ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo, pezeranitu kiyi wa manambala 48 ku akaunti yanu ya Microsoft musanayambe. Ngati kanyenyezi ka Gpt palibe, disiki ndi ya MBR, ndipo ntchito yake ndi ina: gawo liyenera kukhala active, mzere uthere ndi /f BIOS.

Tsopano kufomata. Okonza amakukonda chifukwa amakudziwa bwino ndipo sikulephera kawirikawiri, koma wolipira ndinu. Fayilo yoikira Windows imapitirira 5 GB, kenako pabwere ma update, ma driver a printer, Office, pulogalamu yowerengera ndalama ya pa shopu yomwe mwina simukumbukiranso komwe munaitenga. Bandulo imatha mukuona, ndipo malaiti akapita ntchito ili pakati muyambiranso. Munthu wa ku Chadiza kapena Lundazi amene wabwera m'tauni ndi basi tsiku limodzi sangadikire zonsezo, amabwerera ndi makina opanda theka la zomwe amagwiritsa ntchito. Zimandiwawa kuona mphunzitsi akutaya mapepala a mayeso a zaka zambiri pa vuto la kachigawo kakang'ono chonchi.

Koma pali nthawi yomwe kufomata kumapambana. Ngati Windows mwiniwakeyo wawonongeka, bcdboot ingokufikitsani pa sikirini ina yabuluu. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ngati makina anu ali ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo komwe Windows 11 amafuna) ndipo mumafuna kale kusamukira ku Windows 11, mpata ndi umenewu. Lamulo ndi lomwe lija: disiki yachiwiri ikhale yozula mpaka Windows atalowa koyamba. Pa laputopu yokhala ndi SSD ya mtundu wa M.2 ndi hard disk muyenera kumasula chivundikiro chapansi, koma masikuluwa ochepawo ndi abwino kuposa kubwereza vuto lomweli chaka chamawa. Ndipo ngati hard disk ikulira kuti ke-ke-ke, siyani zonsezi, kopani mafayilo kaye.

Kwa anzanga a Ubuntu, makamaka ophunzira omwe amaika Linux pa disiki yachiwiri, kusankha kuli pakati pa GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, ndi F12. GRUB imakupatsani mndandanda wokongola makina akayaka, koma kuyambira pa GRUB 2.06 os-prober, yomwe imafufuza Windows pa madisiki, imabwera yozimitsa, ndiye Windows amatha kusaoneka mpaka mutalemba GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub n'kuyendetsa sudo update-grub. Windows nayenso akalandira update yaikulu amatha kudziika pamwamba, GRUB n'kusowa. Ine ndimakonda kuti disiki iliyonse ikhale ndi EFI yakeyake, ndizisankha ndi F12. N'kudina kowonjezera tsiku lililonse, koma imodzi ikafa inzake imadzuka. Muzimitsenso Fast Startup (yomwe imachititsa Windows kusazima kwathunthu) mu Windows, apo ayi Linux ikhoza kukana kulemba pa disiki ya Windows (NTFS).

Inu amene kompyuta yanu ikuyenda bwino lero, yesani ichi Loweruka likudzali. Izimitseni, zulani chingwe cha hard disk, yatsani. Ikalowa mu Windows, bwezerani chingwe, palibe nkhawa. Ikakana, ndiye kuti ikudalira disiki yakaleyo. Bwezerani chingwecho, lowani mu Windows, tsegulani Command Prompt ngati administrator, muchite diskpart ndi bcdboot monga pamwambapa, mukusamala kusankha SSD. Hard disk ikadali moyo simufunikanso fulashi, ndipo Windows amakhala pa C pomwe munazolowera.