Mipira ya volleyball ija patatha miyezi 9: sevu yakhwima, koma valavu yatidyera ndalama

Mnzanga amene amaphunzitsa ku Namwera anandiimbira Loweruka kufunsa ngati agule mipira ya mtundu womwe tinagula ife mu Febuluwale. Ndinangoti, "Dikirani kaye achimwene, ndikulemberani," chifukwa n'kuti nditangolipira kumene K6,000 kwa wokonza njinga pamsika kuti ayesenso kumata valavu (kabowo kopopera mpweya mu mpira), ndipo mtima unali usanatsike.

Tinagula itatu, umodzi K48,000, ndalama zosonkherana pa timu yathu ya anyamata ndi atsikana yomwe imasewera madzulo ku Mpondasi. Cholinga chinali kuseva basi. Tinkataya mapointi ambiri poseva, ndipo ndi mpira umodzi wokha munthu ankaseva kasanu kapena kasanu ndi kamodzi dzuwa n'kulowa. Wogulitsa wake ndi wa ku Blantyre, tinagwirizana pa WhatsApp, katundu anabwera pa basi. Ananena kuti ikutsatira muyezo wa FIVB, bungwe loyang'anira volleyball padziko lonse: magalamu 260 mpaka 280 ndi masentimita 65 mpaka 67 kuzungulira. Ndinakayeza pa sikelo ya m'golosale, sananame.

Chikopa sichinasupuke ngakhale bwalo lathu ndi la mchenga wosakanikirana ndi timiyala. Ulusi sunamasuke. Mtundu wazilala ndi dzuwa, koma mpira ukuonekabe bwino kukamada. Supweteka mikono polandira.

Vuto ndi valavu. Mpira woyamba unayamba kuphwa mu Epulo, mwakachetechete, moti kungoufinya ndi manja sungadziwe. Ndipo nthawi imeneyo n'kuti tikuphunzira sevu ya float, imene imadalira kwambiri kulimba kwa mpira. Sevu imeneyi umaponya mpira pang'ono chabe kutsogolo kwa phewa lomenyera, n'kuumenya pakatikati ndi chikhatho cholimba, dzanja n'kuliimitsa pomwepo kuti mpira upite osazungulira. Ukapita choncho umagwedera m'malere, wolandira osadziwa pomwe utere. Malamulo amati mpweya ukhale pakati pa 0.30 ndi 0.325 kgf/cm². Ukachepa, mpira umamira pachikhatho ndipo umachoka wopanda mphamvu, n'kukagwera mu neti.

Pali mtsikana wa Fomu 3 amene ankakonda kutenga mpira womwewo. Kwa milungu iwiri masevu ake ankathera mu neti, pomwe ya atsikana ndi ya mamita 2.24 okha, yotsikirapo poyerekeza ndi 2.43 ya amuna. Ine ndinkamuuza kuti akuponya molakwika, kenako ndinati aonjezere mphamvu. Anamvera. Titapita kukasewera ndi timu ina ku Makawa, kumene mpira unali wopopedwa bwino, masevu ake anayi otsatizana anadutsa mzere wakumbuyo. Anatuluka m'bwalo misozi ikulengeza. Mawa lake ndinathira madzi a sopo pa valavu ya mpira umene ankakonda uja, thovu n'kumatuluka. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinasokoneza dzanja la mwana lomwe linali bwinobwino, ndipo zinatenga mwezi kuti libwerere.

Nditamuuza wogulitsa anati, "Bwana, kumeneko kukutentha kwambiri." Ndinamuyankha kuti kutentha kumachititsa mpweya kufufuma, sikuuchepetsa, ndipo inayo ikukhala pa dzuwa lomwelo. Kenako anati mwina timalowetsa singano ya pampu youma. Apo ananena zoona, tinkaterodi, ndipo kuyambira pamenepo timainyowetsa kaye. Komabe mipira yonse itatu tinkapopa chimodzimodzi. Anavomera kuti ndiubweze, koma za basi K8,000 ndinalipira ndekha. Unabwera patatha milungu isanu ndi valavu yatsopano. Anandigulitsanso pampu yokhala ndi geji yoyezera mpweya pa K15,000, akuti wandichotserako theka.

Gejiyo ndi imene yandisangalatsa kuposa mipirayo. Tsopano timayeza tisanayambe, ndipo mwana akalakwitsa ndimadziwa kuti ndi dzanja lake. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, ndinafika poikonda mipira imeneyi. Kuseva float molimbana ndi mphepo kumauvinitsa mpira mochititsa chidwi, ndipo umatsika mwadzidzidzi. Tinayamba kuyala masaka pansi ngati chandamale. Saka lina pa zoni 1, kumbuyo kudzanja lamanja la adani, chifukwa mpira wochokera kumeneko umamupeza seta (wokwezera mpira anzake kuti amenye) chakumbuyo ndipo amavutika kuutembenuza. Lina pakati pa zoni 5 ndi 6 (kumbuyo kumanzere ndi kumbuyo pakati), pomwe olandira awiri amasiyirana. Lina pafupi ndi neti, kuti womenya wawo wamphamvu alandire yekha n'kusowa mpata wothamangira. Ndinawaphunzitsanso kugwiritsa ntchito masekondi 8 amene malamulo amapereka wezulo ikalira: kunjanjitsa kawiri, kupuma, kusankha munthu, kenako kumenya. Ndi mipira itatu aliyense amaseva ka 30 pa tsiku. Akanandifunsa mnzangayo mu Julayi ndikanati gulani lero lomwe.

Mu Seputembala wachiwiri unayamba kuphwa, malo omwewo. Mu Okutobala wokonzedwa uja unayambiranso. Pano timapopa iwiri pakati pa maphunziro, ndipo pa masewero enieni timadalira umodzi wokha. Ndikaphatikiza zonse, K144,000 ija yafika pa K173,000, ndalama zochokera kwa ana amene ena amasonkha K500 pa sabata atagulitsa mandasi kapena kuthandiza makolo awo kuyanika usipa. Akandifunsa kuti bwanji tikusonkhanso, ndimasowa chonena.

Ndiye achimwene, ngati mukugula, yambani ndi pampu ya geji. Mipira gulani iwiri, osati itatu, ndipo musanatumize ndalama wogulitsa alembe pa WhatsApp kuti valavu ikavuta m'miyezi 6 asintha mpira wonse ndipo za basi alipira yekha. Akakana, kafuneni kwina ngakhale mtengo ukwereko. Ine ndinamulembera pa 20 Okutobala za mpira wachiwiri, ndinatumizanso kavidiyo ka thovu lija. Uthenga anauwerenga, sanayankhebe. Ndimupatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akapanda kuyankha mipira ya chaka chamawa tikagula kwina.